SIR HARRY JOHNSTON NDI ASILIKALI AKUDA AMENE ADAMUMENYERA NKHONDO

Ambirife tidakumana ndi dzina la Harry Johnston m'kalasi, pa phunziro la mbiri yakale, ndipo tidaliloweza pamodzi ndi chaka cha 1891 kuti tikhoze mayeso. Aphunzitsi akafunsa kuti adathetsa malonda a akapolo m'dziko muno ndani, tonse tinkakweza manja. Funso limene sitinkafunsidwa, ndipo ifenso sitinkalifunsa, ndi lakuti kodi mfuti zake adanyamula ndani. Mzungu mmodzi wamfupi, amene malungo ankamugwetsa kawirikawiri, sakadatha yekha kugonjetsa Makanjira, Jalasi, Kawinga ndi Mlozi. Akonzi a kalata yathu ino atandipempha kuti ndilembe mbiri ya munthu wina wotchuka, ndidasankha mkuluyu pa zifukwa ziwiri: nkhondo zake zidafika pakhomo pathu penipeni pa Lifuwu, ndipo ambiri mwa amene adamumenyera nkhondozo adali anthu akuda anzathu.

Henry Hamilton Johnston adabadwa pa 12 Juni 1858 ku Kennington, mumzinda wa London. Adaphunzira ku King's College, kenaka adalowa sukulu ya zojambulajambula ya Royal Academy. Usilikali sadauphunzirepo. Mtima wake udali pa kujambula, pa zinyama ndi zomera, ndiponso pa zilankhulo, ndipo izi ndi zimene zidamukokera ku Africa. Mu 1879 adapita ku Tunis, mu 1882 ku Angola, ndipo chaka chotsatira adakwera mtsinje wa Congo kumene adakumana ndi Henry Morton Stanley. Mu 1884 adatsogolera ulendo wa ku phiri la Kilimanjaro. Kapitawo wa amtengatenga ake pa ulendowu adali Mswahili wina dzina lake Ali Kiongwe, amene pambuyo pake adadzamutsata mpaka kuno.

Pali nkhani imodzi ya masiku amenewo yoonetsa bwino khalidwe la munthuyu. Mu 1887, akugwira ntchito yoimira boma la Britain ku dera limene lero ndi mbali ya Nigeria, adakangana ndi mfumu Jaja ya ku Opobo pa za malonda a mafuta a kanjedza. Adaiitana mfumuyo kuti adzakambirane m'sitima ya pamadzi, ataitsimikizira kuti ibwerera kwawo bwinobwino. Jaja atakwera sitimayo sadaonenso mudzi wake. Adamuzenga mlandu ndi kumupititsa ku zilumba za West Indies. Johnston pa nthawiyo n'kuti ali ndi zaka 29. Ndanena izi kuti tidziwiretu kuti amene adabwera kuno sadali m'busa wa mpingo, koma munthu wochenjera, wopupuluma, wokonda kumaliza nkhani ndi mphamvu.

Adafika m'dziko muno koyamba mu 1889 ali kazembe wa Britain ku Mozambique. Ntchito yake idali yopikisana ndi Apwitikizi posainirana mapangano ndi mafumu. Ku Nkhotakota adapangana ubwenzi ndi Jumbe Tawakali Sudi, amene adalonjezedwa mapaundi 200 pachaka, ndipo ku Karonga mu Okutobala chaka chomwecho adayanjanitsa Mlozi ndi kampani ya African Lakes, amene adakhala akumenyana kuyambira 1887. Mu 1891 Britain idalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, ndipo Johnston adasankhidwa kukhala mkulu woyang'anira, likulu lake ku Zomba.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya asilikali akuda, ndipo gwero lake ndi ndalama. Boma la ku London lidafuna dziko koma silidafune kulipira. Chuma choyendetsera boma latsopanoli chidachokera kwa Cecil Rhodes ndi kampani yake ya British South Africa, mapaundi 10,000 pachaka. Ife ogwira ntchito m'boma tikudziwa mmene zimakhalira ukapatsidwa ntchito yaikulu ndi bajeti yochepa: umayang'ana chotchipa. Asilikali achizungu adali okwera mtengo ndipo malungo ankawamaliza. Tsono Johnston adapempha ku India, ndipo Kaputeni Cecil Maguire adabwera ndi Amwenye pafupifupi 70, ena a mtundu wa Sikh, ena Asilamu a gulu lokwera pa akavalo la ku Hyderabad. Pamwamba pa amenewa adaonjezapo anthu a ku Zanzibar otsogozedwa ndi Ali Kiongwe uja, ndi Amakua olembedwa ku gombe la Mozambique. Motero anthu akuda oyamba kuvala yunifolomu ya boma m'dziko muno adali alendo.

Kagulu aka kadayamba nkhondo kasadapume n'komwe. Mu Julayi 1891 kadalimbana ndi Chikumbu ku Mulanje. Mu Okutobala kadamanga linga moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, pamene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja, ndipo lingalo adalitcha Fort Johnston, dzina limene boma la Mangochi lidakhala nalo mpaka titalandira ufulu. Atachoka apo adaloza kwa Makanjira.

Amene tidakwerapo phiri la Lifuwu tsiku lopanda nkhungu tikudziwa kuti mapiri a tsidya lija amaoneka bwino lomwe. Pano nyanja ndi yopapatiza, ndipo n'chifukwa chake dera lathu lidali dooko lofunika. Minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa kuchokera kumtunda kwa Achewa ankafikitsidwa pagombe pano, kukwezedwa m'zombo za matanga, kuwolotsedwa kupita kwa Makanjira, kenaka kuyenda pansi mpaka ku Kilwa ndi madoko ena a nyanja ya mchere. M'mabuku a azungu a nthawi imeneyo malo athu amalembedwa kuti Rifu, ndipo gombe lake ankalitcha Leopard Bay. Mphamvu za Makanjira zidali m'zombo zakezo, ndipo Johnston adadziwa kuti akaziwononga ndiye kuti wamudula miyendo.

Mudzi wa Makanjira adauphulitsa ndi mizinga kumapeto kwa Okutobala 1891, koma mwini wake sadagonje. Pa 15 Disembala chaka chomwecho Maguire adapita ndi sitima ya Domira kukatentha zombo ziwiri zimene zidatsala. Anthu a Makanjira adamuthira nkhondo, sitimayo idatitimira pamchenga, ndipo Maguire adawomberedwa akuyesa kubwerera m'sitimamo. Dokotala wachimwenye, Boyce, ndi injiniya wa sitimayo, MacEwan, adaphedwa atatsikira kumtunda kukakambirana. Mu Febuluwale 1892 gulu lina la boma lidathamangitsidwa ndi Jalasi pa phiri la Mangochi, n'kusiya mzinga wake m'manja mwa Ayawo. Pa miyezi iwiri yokha boma la Johnston lidaoneka ngati likhoza kugwa. Sindikumbuka kuti mbali iyi ya nkhaniyi tidaiphunzirapo m'kalasi.

Adapulumutsidwa ndi zinthu zitatu. Choyamba, Rhodes adaonjezera ndalama zina mapaundi 10,000 zoti athane ndi Makanjira. Chachiwiri, mu 1893 kudabwera Amwenye a Sikh ena ambiri pamodzi ndi sitima ziwiri zankhondo, Pioneer ndi Adventure, zimene zidanyamulidwa zidutswazidutswa ndi kulumikizidwa kumwera kwa nyanja. Chachitatu, chimene chidadzakhala chachikulu koposa, Johnston adayamba kulemba usilikali anthu a m'dziko momwe muno.

Oyamba adali Atonga a ku Bandawe ndi Chintheche. Sizidangochitika mwangozi. Atonga adali atangodzimasula m'manja mwa Angoni a M'mbelwa m'zaka za m'ma 1870, ndipo ankakhala m'malinga m'mphepete mwa nyanja, malo olima ali ochepa, nkhondo ili pakhomo. Mishoni ya Livingstonia itasamukira ku Bandawe mu 1881, anyamata achitonga adazolowerana ndi azungu msanga. Adalembedwa ntchito ya utengatenga ndi ya m'sitima ndi kampani ya African Lakes, ankayenda mpaka ku Blantyre kukagwira ntchito m'minda ya khofi, ndipo mu 1888 ena a iwo adamenya nawo nkhondo ya ku Karonga pansi pa Kaputeni Frederick Lugard. Kwa mnyamata wotere, usilikali udali ntchito ya malipiro monga zinazo, kungoti iyi inkabwera ndi mfuti, chakudya ndi ulemu. Poyamba ankawalemba kwa kanthawi, nkhondo ikatha n'kuwabweza kwawo. Pang'onopang'ono adayamba kuwaphunzitsa perete ndi kuwombera, aphunzitsi awo ali Amwenye aja, mpaka adasanduka asilikali enieni.

M'miyezi yomaliza ya 1893 nkhondo idafika kuno kwathu. Gulu la boma lidayambira ku Nkhotakota, kumene Chiwaula, nduna ya Jumbe imene idagalukira mbuye wake ndi kugwirizana ndi Makanjira, idamanga linga lolimba. Jumbe adapereka anthu ake kuti athandize boma, lingalo lidagwa, ndipo Chiwaula adaphedwa. Kenaka sitima zidatsikira ku Leopard Bay kudzathyola mphamvu za Makanjira pagombe lino. Dzina la Kuluunda, limene tonse tikulidziwa ngati dzina la ufumu wa dera lathu, likupezeka m'zolemba za nkhondo imeneyi, ndipo boma lidaika linga lake pano lotchedwa Fort Rifu kuti litseke dooko. Atatero adawoloka nyanja, natenthanso mudzi wa Makanjira, namanga Fort Maguire pafupi ndi pamene kaputeni uja adafera. Makanjira adabwera kudzalizinga lingalo kumayambiriro kwa 1894 koma adabwezedwa. Kuyambira pamenepo zombo za akapolo zidayamba kusowa pa nyanja yathu.

Mwa asilikali onse akuda a nthawi imeneyi, mmodzi dzina lake lidalembedwa momveka, ndipo ndi Mtonga wotchedwa Bandawe. Kumayambiriro kwa 1895 mfumu Kawinga ya pa phiri la Chikala idatsika ndi gulu lalikulu kudzathira nkhondo mudzi wa Malemia, pafupi ndi mishoni ya Domasi, mtunda wochepa chabe kuchokera ku Zomba. Johnston adali kunja kwa dziko, ndipo wachiwiri wake, Alfred Sharpe, adatumiza kagulu kochepa ka Amwenye ndi Atonga pansi pa Kopolo William Fletcher ndi Sajeni Bandawe. Adazingidwa, adawombera mpaka zipolopolo zidatsala pang'ono kutha, ndipo m'malo modikira imfa adatuluka m'linga n'kuthamangira adaniwo. Anthu a Kawinga adabalalika. Kagulu kameneka kakadagonja, njira yopita ku likulu la boma ikadakhala yotseguka.

Chaka cha 1895 chidali cha nkhondo zokhazokha. Kawinga adathamangitsidwa pa Chikala, Matipwiri adagonja ku Mulanje, phiri la Jalasi lidalandidwa mu Okutobala ndipo mzinga uja udapezekanso, Mponda adadzipereka, Makanjira adathawira m'dziko la Apwitikizi. Johnston mwini wake ankapita nawo ku nkhondozi atafunda ambulera yoyera, zipolopolo zikulira. Ena amati kudali kulimba mtima, ena amati kudzionetsera. Ine ndikuganiza kuti zonse ziwiri zidalipo. Adali munthu wokonda zooneka. Ngakhale mitundu ya boma lake adasankha yekha, wakuda, woyera ndi wachikasu, kutanthauza anthu akuda, azungu ndi Amwenye ogwirira ntchito pamodzi. Pa chithunzi zidali zokongola, koma pa malipiro ndi pa maudindo mitundu itatuyo siinkafanana. Wolamula adali mzungu, wophunzitsa adali Mmwenye, ndipo munthu wakuda, ngakhale akhale wolimba mtima chotani, sankapitirira pa usajeni-meja.

Kumapeto kwa Novembala 1895 Johnston adakweza m'sitima Amwenye pafupifupi 100 ndi asilikali akuda pafupifupi 300, atabwereka ngakhale sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann, ulendo wa ku Karonga kukathana ndi Mlozi, yemwe uja adasainirana naye mtendere zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Onani chiwerengerocho: pa asilikali anayi alionse, atatu adali akuda. Linga la Mlozi lidaphulitsidwa ndi mizinga mvula ikugwa, ndipo litagwa anthu ambiri adaphedwa, ena akuthawa. Koma Mlozi mwini wake sadaoneke. Amene adamupeza ndi Bandawe, tsopano ali sajeni-meja. Adalowa m'nyumba ya Mlozi, napeza khomo la chipinda chokumbidwa pansi, napha mlonda amene ankalondera pamenepo, n'kutulutsa Mlozi ali wovulala. Mafumu a Angonde adazenga mlandu wake, ndipo adapachikidwa pa 4 Disembala 1895. Johnston adalemba kuti akapolo 569 adamasulidwa. Mwezi womwewo gulu lina, lothandizidwa ndi anthu ambiri a ku Nkhotakota, lidagonjetsa Mwase wa ku Kasungu, amene adadzipha yekha posafuna kugwidwa.

Chodabwitsa n'chakuti Ayawo, amene adalimbana ndi boma zaka zinayi zathunthu, ndiwo adadzakhala msana wa gulu lankhondo la bomalo. Mafumu awo atagonja, malonda a minyanga ndi akapolo atatha, anyamata odziwa kale kugwira mfuti adatsala opanda chochita, uku msonkho ukuwadikira. Azungu nawo adali ataona okha kulimba kwa Ayawo pa phiri la Mangochi ndi pagombe la Makanjira. Tsono amene dzulo ankawombera boma, lero adavala chisoti chakuda cha boma. Mu 1896 gululi lidakhazikitsidwa mwadongosolo ndi dzina loti British Central Africa Rifles, ndipo makampani ake adagawidwa potsata mitundu: a Atonga, a Ayawo, ndi ya Amarimba, kutanthauza anthu a m'mbali mwa nyanja cha ku Nkhotakota. Kugawa kotereku kudali ndi cholinga chake. Msilikali ankatumizidwa kukagwira ntchito kutali ndi kwawo, pakati pa anthu amene sadali abale ake.

Pano ndiyenera kunena maganizo anga, ndipo amene akutsutsa adzandiyankhe m'kalata yotsatira. Malonda a akapolo adali oipa kotheratu, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja, amene makolo athu ena adawolotsedwa pa dooko lomweli osabwereranso, sitingadandaule kuti adatha. Asilikali akuda amene adathyola malinga aja adachita ntchito yeniyeni. Koma mfuti zomwezo zidagwiranso ntchito ina. Johnston adayambitsa msonkho, poyamba masheleni 6, kenaka kuyambira 1894 masheleni 3 pa nyumba iliyonse, ndipo mudzi wokana kukhoma unkayenderedwa ndi asilikali, nyumba n'kutenthedwa. Ndi iyenso adapereka zikalata zotsimikizira azungu umwini wa malo aakulu m'mapiri a Shire, nkhani imene idadzavutitsa dziko lino zaka zambirimbiri. Si mfumu iliyonse yothiridwa nkhondo imene idalakwa pa za akapolo. Ina idalakwa pokana kugonjera basi. Gomani wa Angoni a ku Ntcheu adaphedwa mu 1896, ndipo Mpezeni adagonjetsedwa mu 1898, Johnston atachoka kale, koma ndi gulu lomwelo limene iye adaumba. Msilikali wa Chitonga kapena wa Chiyawo sankafunsidwa kuti nkhondo iyi ndi yomasula akapolo kapena yotolera msonkho. Lipenga likalira, ankanyamuka.

Atangomaliza za Mlozi, Johnston adadwala malungo aakulu a mkodzo wakuda, ndipo mu 1896 adachoka m'dziko muno osadzabweranso kudzalamula. Mpando wake adatenga Alfred Sharpe. Chaka chomwecho adalandira ulemu wa Sir ndipo adakwatira Winifred Irby. Mu 1897 adatulutsa buku lake lalikulu lotchedwa British Central Africa, mmene muli mbiri ya nkhondozi pamodzi ndi zithunzi zojambula yekha za anthu, mbalame ndi mitengo ya kuno. Ndi m'buku limeneli mmene dzina la Bandawe lidasungidwira.

Asilikali amene adawasiya sadakhalitse pakhomo. Mu 1899 batalioni yachiwiri idalembedwa ndi kutumizidwa ku chilumba cha Mauritius, kenaka ku Somaliland. Mu 1900 anyamata a kuno adakamenya nkhondo ya Ashanti m'dziko limene lero ndi Ghana, ndipo mu 1901 ena adafika ku Gambia. Taganizani, anthu amene zaka khumi m'mbuyomo ulendo wawo wautali udali wa ku Blantyre kapena ku Quelimane, tsopano adazungulira Africa pa sitima. Pa 1 Januwale 1902 mabatalioni awiri a kuno adakhala oyamba ndi achiwiri a King's African Rifles, imene agogo athu ankaitcha Keyala. Alexander Cobbe, amene dzina lake lili pa malo a asilikali ku Zomba, adalandira mendulo ya Victoria Cross chifukwa cha zimene adachita chaka chomwecho ku Somaliland akutsogolera asilikali ochokera kuno. Titalandira ufulu mu 1964, batalioni yoyamba ya Keyala idasanduka Malawi Rifles. Anzathu a sukulu amene adadzera pa MAFCO pano pa Salima adziwe kuti mzere wawo umayambira pa Amakua, Atonga ndi Ayawo aja.

Johnston mwini wake adatumizidwa ku Tunis mu 1897, kenaka ku Uganda kuyambira 1899 mpaka 1901, kumene adapangana ndi mafumu a Buganda pangano la 1900 lokhudza malo ndi msonkho. Ali komweko adathandiza kudziwitsa akatswiri a ku Ulaya za nyama ya m'nkhalango za Congo yotchedwa okapi, imene dzina lake la sayansi mpaka lero lili ndi dzina la Johnston. Atabwerera kwawo adali ndi zaka 43 zokha, koma boma silidampatsenso udindo waukulu. Akuluakulu a ku London ankamuona ngati munthu wovuta kumulamula. Adayesa kupikisana nawo pa chisankho cha aphungu mu 1903 koma adalephera. Zaka zotsalazo adathera pa kulemba. Adatulutsa mabuku ambirimbiri, ena a nthano, ndipo ntchito imene ankainyadira koposa idali yoyerekeza zilankhulo za Bantu mazanamazana, Chinyanja chathu chili momwemo, imene idasindikizidwa m'magawo awiri mu 1919 ndi 1922.

Mu 1925 adachita sitiroko kawiri ndipo sadachirenso. Adamwalira pa 31 Julayi 1927 pafupi ndi tauni ya Worksop, ali ndi zaka 69, ndipo adaikidwa m'manda a tchalitchi cha mudzi wa Poling ku Sussex, kumene adakhala zaka zake zomaliza. Ana ake awiri aamuna, amapasa, adamwalira atangobadwa, kotero sadasiye mbewu.